Poizoni wosaoneka ndi ubongo wa mwana: zimene tikudziwa pa vuto la autism

Amayi anzanga, pafupifupi m'dera lililonse muli mwana amene anthu amamukamba monong'ona. Wakwanitsa zaka zitatu koma salankhula, kapena anayamba kutchula mawu awiri atatu kenako mawuwo anazimirira. Mukamuitana dzina sacheuka, chonsecho makutu ake ndi abwinobwino. Sayang'ana munthu m'maso, salozanso chinthu ndi chala pofuna kukuonetsani. Amatha kukhala nthawi yaitali akundandalika zitsekerero za mabotolo, ndipo wina akasuntha chimodzi amalira kosatonthozeka. Chigayo chikalira amatseka makutu. Achipatala vuto lotereli amalitcha autism, ndipo akuti limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 100 aliwonse, makamaka anyamata.

Mwana wotereyu akapezeka pabanja, mlandu sumachedwa kupeza mwini wake. Ena amati analodzedwa, ena amati bambo ake anakhwimira chuma, koma ambiri amaloza mayi kuti anasempha mwambo ali ndi pakati. Masiku ano pabweranso zonena zina zoyenda pa mafoni, zakuti ndi katemera kapena mapiritsi a Panado. M'phunziro lino tiona zimene akatswiri apeza pa nkhani ya poizoni amene amafika ku ubongo wa mwana, ndipo tiyesetsa kusiyanitsa zimene zatsimikizika ndi zimene zikungoganiziridwa.

Kodi vutoli limachokera kuti?

Kuloza mayi chala si nkhani ya kwathu kokha. Dokotala amene anafotokoza bwino za autism koyamba anali Leo Kanner wa ku Baltimore, m'dziko la America, amene mu 1943 analemba za ana 11. Kwa zaka zoposa makumi awiri zotsatira, anthu ophunzira kwambiri, wodziwika mwa iwo Bruno Bettelheim, ankaphunzitsa kuti ana amakhala chonchi chifukwa amayi awo ndi ouma mtima, osawaonetsa chikondi. Amayi ambiri anapita kumanda akudziimba mlandu. Maganizowa anali olakwika. Mu 1977, Susan Folstein ndi Michael Rutter anafufuza mapasa ku Britain ndipo anaona kuti mapasa ofanana ndendende, ochokera ku dzira limodzi, ndi amene kawirikawiri amakhala ndi vutoli onse awiri. Mu 2019 kafukufuku wa ana pafupifupi 2 miliyoni a m'maiko asanu anapeza kuti gawo lalikulu, pafupifupi 80 pa 100, la chimene chimasiyanitsa ana pa chiopsezo cha autism ndi chibadwa chotengera ku mtundu, kwa bambo ndi kwa mayi komwe.

Tsono mfundo yoyamba kuigwira ndi imeneyi. Autism si chilango, si ufiti, ndipo palibe poizoni mmodzi amene tinganene kuti ndiye mwini wake wa vutoli. Koma gawo lotsalalo liripo, ndipo m'menemo muli zimene zimachitikira mwana ali m'mimba: kubadwa masiku asanakwane, matenda ena amene mayi anadwala, msinkhu wa makolo, ndiponso mankhwala ena. Komanso tisaiwale kuti autism ndi vuto limodzi chabe. Pali ana ochuluka kwambiri amene alibe autism koma amachedwa kulankhula, sagwira za kusukulu, sakhazikika, ndipo pa ana amenewa umboni wa poizoni ndi wamphamvu zedi.

Ubongo wa mwana umayamba kuumbika mlungu wachitatu kuchokera pamene mimba yaima, nthawi imene amayi ambiri sanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati. Pofika zaka zisanu umakhala utakula pafupifupi 90 pa 100 ya ubongo wa munthu wamkulu. Zili ngati kumanga nyumba: chigumula chikafika maziko asanaume, ming'alu yake imadzaoneka denga litafoleredwa kale. Poizoni wochepa amene sangadwalitse wamkulu ngakhale mutu angathe kusokoneza ntchito yomangayi. Ndipo mwana amakhala pansi, amakwawa m'fumbi, chilichonse amaika m'kamwa.

Mtovu

Pa poizoni yense, amene nkhani yake ilibe chikaiko ndi mtovu, chitsulo cholemera, chofewa, chotuwa chimene chimapezeka m'mabatire a galimoto ndi a sola. Thupi lilibe nacho ntchito ina iliyonse. Chikalowa, thupi limachisokoneza ndi kashiamu, chakudya chomanga mafupa, kotero chimakakhala m'mafupa ndi m'mano kwa zaka zambirimbiri. Mayi akaima, thupi lake limatapa kashiamu m'mafupa kuti limange mwana, ndipo mtovu umene unalowa ali mtsikana umatuluka nawo n'kudutsa pa mchombo kupita kwa mwanayo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mwana wamng'ono amayamwa mtovu umene wameza kuwirikiza kanayi kapena kasanu kuposa wamkulu, ndipo palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene ungatchedwe wabwino.

Anthu anadziwa kalekale kuti mtovu wambiri umapha. Chimene sankadziwa n'chakuti wochepa umaba nzeru mwakachetechete. Amene anaonetsa zimenezi ndi dokotala wa ana, Herbert Needleman. Iye anapempha aphunzitsi a m'matauni awiri pafupi ndi Boston kuti azimusonkhanitsira mano amene ana a sukulu agulula, ndipo anayeza mtovu m'mano a ana oposa 2,000. Zotsatira zake zinatuluka mu 1979. Ana amene mano awo anali ndi mtovu wambiri ankakhoza pang'ono pa mayeso a nzeru, ndipo aphunzitsi, amene sankadziwa zotsatira za manowo, ankawatchula ana omwewo kuti ndi osamvetsera, osamaliza ntchito, osachedwa kutaya mtima. Palibe mmodzi mwa iwo amene ankaoneka wodwala. Taganizani, ndi ana angati otere amene timawakwapula tikuti ndi aulesi?

Chitsanzo chowawa chili ku Kabwe, m'dziko la Zambia. Kumeneko kunali mgodi wa mtovu ndi zinki kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1994, ndipo utsi ndi fumbi la pamalo osungunulira zinagwera m'makomboni oyandikana nawo monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mgodi unatsekedwa, koma mtovu suwola. Unatsala m'dothi la pabwalo pamene ana amasewera. Madokotala ali ndi muyeso wawo wa mtovu m'magazi: ukafika pa 5 ndiye kuti pafunika kufufuza kumene ukuchokera, ukafika pa 45 mwana afunika mankhwala ochotsa mtovuwo. Akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzawo a ku Japan atayeza ana 246 a m'makomboni atatuwa, analemba mu 2015 kuti ana onse anapitirira 5, ambiri anapitirira 45, ndipo mmodzi anapitirira 400. Ku Zamfara, m'dziko la Nigeria, ana oposa 400 anafa mu 2010 chifukwa makolo ankaphwanya ndi kupera miyala ya golide pakhomo, osadziwa kuti miyalayo inali yodzaza mtovu.

Mwina wina anena kuti kwathu kulibe mgodi. N'zoona, koma lipoti la UNICEF ndi bungwe la Pure Earth la mu 2020 linati mwana mmodzi mwa atatu aliwonse padziko, ana ofika 800 miliyoni, ali ndi mtovu wofika pa 5 kapena kupitirira, ndipo ambiri sakhala pafupi ndi mgodi. Kale unkachokera ku utsi wa galimoto, koma maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linasiya mu 2021. Zotsala ndi zapakhomo. Choyamba ndi batire lakufa. Mabanja ambiri tsopano ali ndi sola, batire likatha ntchito limangokhala kuseri kwa chitseko, kapena mnyamata wina amaling'amba pabwalo, kutaya madzi ake pansi n'kusungunula mtovuwo pamoto kuti akagulitse. Fumbi la pamalo pamenepo ndi poizoni kwa zaka. Bambo wogwira ntchito ya mabatire, yowotcherera zitsulo kapena yopala penti wakale amabweretsa fumbi lomweli kunyumba pa zovala ndi nsapato, ndipo mwana amathamangira kukamukumbatira.

Chachiwiri ndi penti wa mafuta, makamaka wachikasu ndi wofiira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020, bungwe la Lead Exposure Elimination Project linayeza penti wogulitsidwa m'Malawi ndipo linapeza mtovu wopitirira muyeso mu penti woposa theka la amene linayeza. A Malawi Bureau of Standards anachitapo kanthu, ndipo poyezanso mu 2023 zinthu zinali zitayamba kusintha. Koma penti amene anapakidwa kale pa mawindo, zitseko, mabedi a ana ndi makoma a sukulu za mkaka adakali pomwepo, ndipo akayamba kusupuka, tizidutswa take timatsekemera m'kamwa mwa mwana. Pali nkhawanso ndi mapoto osungunula kuchokera ku zitsulo zotola, chifukwa m'maiko angapo a mu Africa ndi Asia mapoto otere apezeka akutulutsa mtovu m'chakudya. Nalonso dothi limene amayi oyembekezera timalikhumba lija lingakhale ndi mtovu, ndipo chilakolako chake kawirikawiri chimasonyeza kuchepa kwa magazi, kumene mankhwala ake ndi mapiritsi a ayironi a kusikelo.

Zochita zake si zodula. Batire lakufa lipite kwa ogula mabatire lili lathunthu, losang'amba. Wogwira ntchito ya fumbi asinthe zovala ndi kusamba asananyamule mwana, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha. M'nyumba ya simenti kukolopa kumaposa kusesa kouma kumene kumangouluza fumbi. Ana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Mwana wanjala, wochepa magazi, amayamwa mtovu wambiri kuposa wokhuta, choncho usipa ndi matemba odya ndi minga yomwe, nyemba, masamba obiriwira ndi zipatso ndi chitetezo ndithu. Nzeru zimene mtovu waba sizibwerera ngakhale mwana atalandira mankhwala, n'chifukwa chake ndakhalitsa pa mfundo imeneyi.

Mercury

Ku Minamata, tauni ya asodzi ku Japan, fakitale ya kampani ya Chisso inkataya mercury m'nyanja. Amphaka anayamba kuzungulira ngati amisala n'kugwera m'madzi, ndipo mu 1956 matendawa anadziwika mwa anthu. Chimene chinadabwitsa madokotala n'chakuti amayi ena amene sankadwala kwenikweni anabereka ana opuwala ziwalo, osalankhula, osayenda. Mpaka nthawi imeneyo ambiri ankakhulupirira kuti chiberekero chimatchinga poizoni yense.

Mercury amatipeza m'njira ziwiri. Okumba golide m'migodi ing'onoing'ono amamusakaniza ndi mchenga wa golide kenako n'kuwotcha, nthawi zina pa mbaula yomwe yophikira, ndipo nthunzi yake imapumidwa ndi banja lonse. Njira yachiwiri ndi yovuta kuikamba pakati pa amayi, koma tiikambe: mafuta ndi sopo zoyeretsa khungu. Zambiri mwa izo zapezeka ndi mercury ngakhale pa chibotolo sanalembe. Amalowa pakhungu, amatsala pa mataulo ndi zofunda, amafika kwa mwana wa m'mimba ndi woyamwa. Koma tisathawe nsomba chifukwa cha nkhani ya ku Minamata. Mercury amachuluka mu nsomba zikuluzikulu za m'nyanja ya mchere zodya zinzake, monga shaki. Tinsomba ting'onoting'ono ndi chakudya chabwino cha ubongo.

Mankhwala a m'munda

Apa ndi pamene dzina la autism limamveka kwambiri, ndipo ndi pamene tiyenera kuyenda mosamala. Mankhwala ambiri ophera tizilombo amagwira ntchito posokoneza mitsempha ya kachilomboko, ndipo mitsempha ya munthu imagwira ntchito mofananako. Ku New York, akatswiri a Columbia University anayeza mankhwala otchedwa chlorpyrifos m'magazi a pa mchombo wa ana obadwa kumene, n'kuwatsatira anawo mpaka zaka 7. Mu 2011 analengeza kuti amene anali ndi mankhwala ambiri ankatsalira pa nzeru ndi pa kukumbukira. Maiko a European Union analetsa mankhwalawa mu 2020. Ku California, kafukufuku wa mu 2014 wa mabanja pafupifupi 1,000 anapeza kuti amayi amene ankakhala pa mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi ndi theka kuchokera ku minda yopoperedwa mankhwala a gulu limeneli ali oyembekezera, chiopsezo chobereka mwana wa autism chinali chokwera ndi pafupifupi 60 pa 100.

Nambala imeneyi tiimve bwino. Sikutanthauza kuti ana 60 mwa 100 anapezeka ndi autism ayi. Ngati pa ana 100 mmodzi ndi amene akanakhala nalo vutoli, kukwera kotere sikufikitsa ngakhale pa ana awiri. Komanso zinthu ziwiri zikapezekera pamodzi sindiye kuti china chabala chinzake. Mabanja okhala pafupi ndi minda amasiyana ndi ena m'njira zambiri. Ofufuzawo sanayeze magazi a amayiwo, anangoyerekeza malo okhala ndi malo opopera. Choncho uwu ndi umboni wotichenjeza, wosakwanira kuweruzira mlandu wa mwana wina aliyense. Koma ine ndikuona kuti chenjezoli ndi lokwanira kusintha zochita zathu, pakuti amayi a ku California aja ankangokhala pafupi ndi munda, pamene mayi wa kumudzi amasungunula yekha mankhwala ndi manja, kupopera tomato, thonje kapena chimanga chogwidwa ndi mbozi, mwana ali kumsana.

Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asasakanize, asapopere, asachape zovala za wopopera. Masamba ndi tomato asathyoledwe masiku olembedwa pa botolo asanakwane, ndipo zogula kumsika zitsukidwe bwino. Botolo la mankhwala lisasanduke la mafuta ophikira kapena la madzi akumwa, ndipo mankhwala asathiridwe m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi, chifukwa mwana sawerenga. Mankhwala oteteza chimanga kwa anankafumbwe athiridwe pa muyeso wake. Amene angakwanitse matumba osalowa mpweya, monga a PICS, safunanso mankhwala. Mbewu yopakidwa utoto ndi yobzala basi, ngakhale njala itavuta chotani. Ku Iraq m'zaka za 1971 ndi 1972 anthu anatsuka utoto wa pa mbewu ya tirigu n'kuphika buledi, poganiza kuti poizoni wachoka pamodzi ndi utotowo. Oposa 6,000 anagonekedwa m'zipatala ndipo oposa 400 anafera komweko.

Pano ndichenjezepo: zimenezi zisatichititse kutaya masikito onyikidwa m'mankhwala. Malungo kwa mayi wapakati ndi kwa khanda amapha, ndipo malungo a mu ubongo amasiya ana ambiri ndi khunyu ndi kulumala. Kuopsa kwa malungo n'kotsimikizika.

Mankhwala a kuchipatala ndi katemera

Pali mankhwala amodzi a kuchipatala amene umboni wake pa autism ndi wolimba: sodium valproate, operekedwa kwa odwala khunyu ndi matenda ena a maganizo. Ku Denmark, kafukufuku wa mu 2013 wa ana oposa 650,000 anapeza kuti pa ana amene amayi awo ankamwa mankhwalawa ali ndi pakati, pafupifupi 4 mwa 100 anapezeka ndi autism, pamene pa ana onse sanafike 2 mwa 100. Amawonjezeranso chiopsezo chobadwa ndi chilema cha msana. Koma mayi wakhunyu asasiye mankhwala payekha, chifukwa kugwa ali ndi pakati kungaphe iye ndi mwana yemwe. Chofunika n'chakuti mtsikana kapena mayi aliyense amene amamwa mankhwala a khunyu akaonane ndi dokotala asanaime, kuti ngati n'kotheka amusinthire ena. Mowa, kachasu kapena wa m'botolo, umawononga ubongo wa mwana wa m'mimba popanda chikaiko, ndipo palibe mlingo wake wovomerezeka.

Nanga katemera? Mphekeserayi inayamba mu 1998 pamene dokotala wa ku London, Andrew Wakefield, analemba za ana 12 okha n'kuloza katemera wa chikuku. Zinadziwika pambuyo pake kuti anasintha zolembedwa za anawo ndipo ankalandira ndalama kwa maloya ofuna kusumira opanga katemera. Mu 2010 magazini ya The Lancet inachotsa nkhaniyo ndipo iye analandidwa chiphaso cha udokotala. Kafukufuku wa ana 657,461 ku Denmark, wotuluka mu 2019, sanapeze kusiyana pakati pa obayidwa ndi osabayidwa. Chimasokoneza makolo n'chakuti zizindikiro za autism zimayamba kuoneka mwana ali ndi chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi yomwe akulandira akatemera. Ndipotu matenda a rubella, ofanana ndi chikuku, akagwira mayi kumayambiriro kwa mimba angachititse mwana kubadwa wosamva, wosaona, ndipo ena amadzakhala ndi autism. Katemera wa chikuku ndi rubella, amene Malawi anayamba kupereka mu 2017, ndiye amateteza zimenezi. Za Panado, kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2024 wa ana oposa 2 miliyoni anayerekeza ana a mimba imodzi, wina mayi anamwa wina sanamwe, ndipo sanapeze kusiyana. Kutentha thupi kwa mayi wapakati kusasiyidwe. Apite kuchipatala akayezetse malungo.

Chinthu chimodzi chaching'ono chimene chikuoneka kuti chimateteza ndi folic acid, amene ali m'mapiritsi operekedwa kusikelo ya amayi oyembekezera. Amateteza chilema cha msana, ndipo ku Norway mu 2013 anapeza kuti amayi amene anayamba kumwa mimba isanaime ndi m'milungu yoyambirira anabereka ana ochepa a autism poyerekeza ndi amene sanamwe. Ntchito yake yaikulu ili m'mwezi woyamba, pamene ife mwa chizolowezi timabisa mimba mpaka itaonekera yokha. Amayi akuluakulu amene timalangiza atsikana olowa m'banja, apa pali pofunika kusintha malangizo.

Mwana amene ali nalo kale vutoli

Palibe mankhwala, a chikuda kapena a chizungu, ochotsa autism. Pali anthu ogulitsa zakumwa zimene amati zimatsuka poizoni m'thupi la mwana. Zimenezi zimangomaliza ndalama, ndipo ku America mwana wa zaka zisanu anafa mu 2005 akupatsidwa mankhwala ochotsa zitsulo m'magazi pofuna kuchiza autism. Chimene chimathandiza ndi kuyamba msanga. Mwana amene pofika chaka sacheuka akaitanidwa, pofika chaka ndi theka saloza chala, kapena wataya mawu amene ankanena, atengeredwe kuchipatala, ndipo choyamba ayezedwe makutu. Ngati banja limakhala pafupi ndi malo a mabatire kapena mgodi, auzeni adokotala. Kunyumba, mwana wotere amakula bwino akamalankhulidwa ndi mawu afupiafupi, akamasewera naye pa zimene iye amakonda, ndiponso zochitika za tsiku zikamayenda mwa dongosolo losasinthasintha. Ena amadzalankhula, amaphunzira, amagwira ntchito. Ena amafuna chisamaliro moyo wawo wonse.

Pokambirana m'magulu, yambani ndi kuyendera m'maganizo nyumba zanu: batire lakufa lili kuti, mankhwala a m'munda amasungidwa pati, ndani amapopera ndipo ndani amachapa zovala zake? Kenako funsanani za mayi wa m'dera lanu amene anasiya kubwera ku misonkhano chifukwa mwana wake amakuwa kapena sakhala pansi. Ndani mwa inu angakamuchezere mlungu uno, ndipo ndani angakhale ndi mwanayo kwa maola awiri kuti mayi ake apite kuchigayo kapena kusikelo?